Kabati ya Zitseko Ziwiri

Lufita, Chitipa
Mwezi wa Novembala

Wokondedwa mulamu wanga Tawonga,

Landira moni wochokera kuno kwanu, ngakhale ndikudziwa kuti ukangozindikira kalembedwe kanga pa envulopu uyamba wakwinya nkhope. Uli bwanji kumeneko ku Mulanje? Abambo a Maggie ali bwanji? Nanga Maggie mwini wake, chifuwa chija chinamusiya? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisungabe. Achimwene ako a Lusungu ali bwino, kungoti fumbi la ku Nthalire lawasandutsa munthu wofiira. Grace wayamba kuyankhula, ndipo liwu limene waligwira bwino kwambiri ndi lakuti "ayi". Limenelo watengera kwa azakhali ake, koma sinditchula dzina.

Nthawi zina ndimaseka ndekha ndikaganiza mmene tinasinthanirana iwe ndi ine. Ine wa ku Mulanje ndili kwanu kubaya anthu jakisoni n'kumadya nthochi zophika, iwe wa ku Misuku uli kwathu kuphunzitsa ana n'kumatha nandolo wanga.

Ndikanatha kukuimbira foni, koma foni tinaiyesa Lamulungu lija ndipo unaona mmene inathera. Kalata ili ndi ubwino umodzi, sungaidule munthu ali pakati poyankhula. Ukhoza kuing'amba, koma ndimakudziwa, uyamba waiwerenga kaye mpaka kumapeto.

Nkhani yake ndi ya adada ndi mbale za amama.

Za kugwa kwa adada m'munda wa khofi unamva, koma achimwene ako anakuuza mochepetsa kuti usade nkhawa. Ine ndine namwino, sindichepetsa. Anawapeza atakomoka pakati pa mizere, ndipo anthu anachita kuwanyamula pampando kutsika kanjira kotsetsereka kaja mpaka kumsewu. Atafika nawo kuchipatala kuno ku Boma anawapeza ndi matenda a shuga. Munthu amene akudya pa nthawi yake, kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kuyezedwa pafupipafupi amakhala nawo matendawa mpaka kukalamba. Koma adada akukhala okha pamwamba pa phiri, ndipo chimwalirireni amama amadya pokhapokha akakumbukira. A Eva oyandikana nawo nyumba aja amayesetsa kuwapatsira kanthu, koma nawonso ali ndi munda wawo ndi banja lawo.

Msewu wa kwanu ukuudziwa mmene umakhalira mvula ikagwa. Akadzagwanso mu Januwale, galimoto sidzafika. Ndili ndi mantha, mulamu, ndipo sindikubisira.

Tinawapempha kuti abwere adzakhale nafe kuno ku Lufita, pafupi ndi chipatala. Tinawakonzera chipinda chakumapeto chija, chokhala ndi khomo lakelake lotulukira pakhonde. Anakana. Ngakhale tsiku lotuluka m'chipatala sanalole kugona pano, anangolunjika pokwerera galimoto za ku Misuku. Chifukwa chake ndi ineyo.

Sikuti amandida. Mwambo wa m'banja mwanu ukuudziwa kuposa ine, popeza ndiwe unandiphunzitsa. Ukukumbukira tsiku loyamba lija nditangofika kwanu? Ndinaona bambo wachikulire akubwera ndi khasu paphewa, ine n'kunyamuka manja ali m'tsogolo kuti ndikawalonjere monga tichitira kwathu. Unandigwira chitenje n'kundikokera kuseri kwa nthochi mpaka nsapato imodzi inatsala pabwalo. Kuseri kumeneko ndi kumene unandiuza kuti mkamwana saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna, sakhala nawo m'chipinda chimodzi, satchula dzina lawo, ndipo mbale imene iwo amadyera sisakanikirana ndi zake. Ndinakufunsa kuti mpaka liti, iwe n'kunena kuti mpaka mmodzi wa ife adzaitanidwe.

Poyamba ndinkaona ngati nkhanza. Pano ndinazindikira kuti ndi ulemu, ngakhale ndi ulemu wotopetsa miyendo. Zaka zonsezi adada ndimangowadziwa mawu ndi kumsana. Masiku amene anagonekedwa m'chipatala anzanga anachita kundisintha wodi, ndipo za iwo ndinkafunsira pakhomo ngati mlendo.

Kumudzi mwambowu suvuta, chifukwa khitchini ili panja, nyumba zilipo zingapo, ndipo ana otuma sasowa. Koma nyumba yathu yatsopanoyi khitchini ili m'kati. Achimwene ako amachoka Lolemba kupita ku ntchito yawo ya ulangizi ku Nthalire, n'kubwera Lachisanu. Grace sanganyamule ngakhale supuni osaitaya. Adada anangofunsa funso limodzi, lakuti Lusungu akachoka, chakudya adzawapatsira ndani. Achimwene ako, ndi nzeru zawo za changu zija, anati ndizichisiya pakhonde. Adada anayankha kuti iwo si galu woti azipeza chakudya pakhonde, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Nkhaniyi ili m'malere choncho, kunabwera kalipentala kudzaika makabati m'khitchini. Dzina lake ndi Welcome, wa konkuno ku Lufita, bambo wodekha amene pensulo yake imakhala kukhutu ngakhale m'tchalitchi.

Makoma owongoka sanativute. Zidebe ndi mabeseni tinati zikhale pansi pa sinki, mapoto pafupi ndi pophikira, mbale zodyera ndi makapu m'mwamba momwe Grace sangafike. Ndinanenetsanso kuti thandala lapanja likhalepo ndithu, chifukwa mbale yolowa m'kabati isanaume imaitana mphemvu. Povuta panali pakona, pamene makabati a makoma awiri amakumana.

Welcome anatulutsa foni yake n'kutionetsa njira zitatu. Yoyamba inali yongolumikiza makabatiwo, chitseko chimodzi chaching'ono, koma m'kati mwake dzenje lalitali lolowera kukona komwe dzanja silifika. Iye mwini anavomera kuti mmenemo ndi mmene mumatayikira zivindikiro, munthu n'kumanamizira oyandikana nawo kuti sanabweze. Yachiwiri inali yodula konayo ndi chitseko choyang'ana pakati pa khitchini. Imeneyo zonse zimaoneka, koma imadya malo oima. Yachitatu inali ya mashelefu ozungulira, oti ukakankha pang'ono poto wakumbuyo amabwera yekha kutsogolo. Chitsulo chake anati achita kuitanitsa ku Tunduma, kutsidya kwa malire.

Achimwene ako anagwa m'chikondi ndi yozungulirayo. Munthu amene chikwatirireni sanatsukepo poto anaonera kakanemako mobwerezabwereza, mpaka batire la Welcome linatha. Ine ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulocho chikadzathyoka tidzakalirira ku Tunduma? Komanso Grace akadzangozindikira kuti chimazungulira, mbale zonse zidzathera pansi. Ndinkafuna yachiwiri ija. Iwo anati m'khitchini yaing'ono ngati imeneyi, yachiwiriyo ikalowa ine sindidzakwanamo. Mawu amenewo ndinawasunga, adzawalipira.

Tinakangana masiku angapo, mpaka kudya osayankhulana. Kunena zoona, si kabati imene inkatikanganitsa. Aliyense anali ndi adada mumtima, ndipo popeza za adada tinalibe chonena, tinkalimbana ndi matabwa.

Welcome atatopa ndi kudikira, anakhoma mafupa okha a kabati ya njira yoyamba ija kuti tione ndi maso mmene ingakhalire. Loweruka masana ndinati ndiyese ndekha kuti dzanja langa lifika pati. Ndinagwada n'kulowetsa dzanja, silinafike. Ndinalowetsa mutu, kenako mapewa. Thupi langa ukulidziwa, mulamu. Kulowa ndinalowa, koma pobwerera zinakanika. Ndinangomva Welcome wayamba kuyankhula mokweza za mitambo, kusonyeza kuti wayang'ana kuwindo kuti asaone zimene zinatsala kunja.

Ndili mumdima mmenemo, mphuno ili pakhoma, ndinamva munthu akuimba mluzu pafupi penipeni ndi khutu langa. Anali achimwene ako. Anali m'chipinda chija tinakonzera adada, akukhoma msomali wa katani n'kumaimba nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa monga mwa masiku onse. Ndinagogoda khomalo. Mluzu unaleka, kenako nawo anagogoda.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti kuseri kwa kona ya khitchini yanga ndi chipinda cha adada. Malo amene kwa ine ndi osafikika, kwa munthu wa mbali inayo ali pamphuno.

Nditatuluka, utuchi uli m'mutu monse, ndinawaitana onse awiri n'kuwauza kuti aboole khoma. Ndinati kabatiyo ikhale ndi zitseko ziwiri, china cha kukhitchini, china cha kuchipinda. Ine ndiziika chakudya n'kutseka, adada azitsegula mbali yawo n'kutenga. Achimwene ako anandiyang'ana ngati mutu ndausiya m'kabatimo. Anafunsa ngati ndikunena khoma lomwe tangolipaka penti lija. Welcome anachotsa pensulo kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezera.

"Mama, makabati ndapanga ambiri chomene," anatero m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka, "kweni kabati yokhala ndi khomo lakumbuyo sindinaionepo."

Anadandaula za makoswe, za utsi wolowa kuchipinda, ndi zakuti khoma likhoza kung'ambika. Ndinati makoswe ndi utsi ndi ntchito ya zitseko zokhala bwino, ndipo zimenezo ndi zake. Za khoma tinaitana womanga nyumba yathuyi, amene anabwera akung'ung'udza, koma anaboola bwinobwino n'kuika chitsulo pamwamba pa bowolo kuti njerwa zisatsike. Achimwene ako tsiku limenelo anachoka pakhomo, ati sakanatha kuonerera.

Mmene inathera ndi motere. Pansi tinatsekapo ndi thabwa, ndipo ndimasungamo masefuliya akuluakulu a pa zikwati ndi pa maliro, amene satayika ngakhale mumdima. Shelefu yam'mwamba ndi ya adada okha, mbale yanga kapena ya Grace sidzafikapo. Ili pa msinkhu woti munthu atakhala pampando amangotambasula dzanja, osawerama. Pali thileyi yaitali ya thabwa imene ndimakankha kuchokera mbali yanga mpaka kukagunda chitseko chawo. Ndikamapita ku ntchito m'mawa ndikhoza kusiyamo chakudya chovindikira, fulasiki ndi mankhwala a masana, popanda ntchentche, nkhuku kapena mvula. Lamulo lake ndi limodzi, wofuna kutsegula ayambe wagogoda.

Welcome pano akuyenda nayo nkhaniyi msika wonse ngati anaiganiza ndi iye. Ndamusiya, chifukwa zitseko anaziikadi bwino, ngakhale mphemvu ikhoza kuchita kupempha chilolezo.

Lachisanu lapitali adada anatsika kudzayezetsa magazi. Achimwene ako anabwera msanga kuchokera ku Nthalire, anawaperekeza kuchipatala, ndipo pobwerera anawanyengerera kuti angodutsa pano adzaone chipindacho. Anavomera atawatsimikizira kuti ine ndikhala m'khitchini chitseko chotseka.

Ndinadzitsekeradi ndi Grace. Ndinaphika tiyi n'kuthira m'fulasiki, ndinaika ndi nthochi zophika pang'ono m'mbale yatsopano imene sinadyerepo munthu, n'kukankha thileyi. Kenako ndinakhala pansi n'kutchera khutu.

Ndinamva ndodo yawo pakhonde, khomo likutseguka, mpando ukukokedwa. Achimwene ako anafotokoza zambirimbiri m'chiyankhulo chanu, mwachangu moti sindinatolepo kanthu. Patapita kanthawi ndinamva kugogoda, kenako kachitseko ka mbali yawo kanatseguka. Thileyi inakokedwa. Inabwezedwa. Inakokedwanso. Anali kuiyesa ngati mmene amayesera khasu pamsika.

Chikho chawo chija ukuchidziwa, chachitsulo chobenthuka pamlomo, chimene amayenda nacho m'thumba la jekete kulikonse, kumaliro, kumsonkhano wa alimi a khofi, ngakhale kuchipatala. Ndinamva chikugunda pa thabwa, ndi tiyi akuthiridwa. Kenako kachitseko kanatsekedwa.

Ndiye anagogodanso. Ndinaganiza kuti akufuna kutsegula, koma ayi. Anayankhula chitseko chili chotseka, ndipo kupatula liwu lothokoza la kwanu lija, anayankhula m'Chichewa kuti ndimve.

"Ndagha, mama. Koma tiyi uyu alibe shuga."

Mulamu, zaka zonse ndakhala m'banja mwanu, mawu oyamba amene apongozi anga andilunjika nawo ndi odandaula za shuga. Ndinasowa chochita. Kuyankha ndinkaopa, kukhala chete ndinkaopanso. Ndinakumbukira zimene unandiphunzitsa, zoti mawu amadzera mwa mwana, ndiye ndinatembenukira kwa Grace n'kunena mokweza kuti akauze agogo ake kuti shuga ali naye wokwanira kale m'magazi. Grace anati "ayi".

Adada anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, achimwene ako n'kumawamenya pamsana. Iwe ukudziwa kuti chiikireni amama m'manda palibe amene anawamvapo akuseka. Ine ndinali pansi pafupi ndi sinki misozi ikutsika, chitenje chili kukamwa kuti asandimve.

Tiyi anamwa yense. Nthochi sanazikhudze.

Popita kokwerera galimoto ndi pamene anawauza achimwene ako maganizo awo. Anati kabatiyo ndi yabwino, ndipo munthu akhoza kukhala m'chipinda chimene chija popanda kuchita manyazi kapena kuchititsa mkamwana manyazi. Koma anati sangayambe kudyera mbale yachilendo ndi mano ochepa amene atsalawa. Chikwatirireni amadyera mbale yoyera ya mkombero wabuluu ija, ndiwo zawo zimakhala m'bakuli la maluwa ofiira, ndipo amama ankazisunga pazokha pa shelefu yam'mwamba m'kabati yawo ya magalasi, zitavundikiridwa. Anati kumene kuli mbale imeneyo ndi kumene iwo amadya.

Achimwene ako anati basi, aitenge. Adada anati si yawo. Pogawa katundu pambuyo pa maliro, ziwiya zonse za amama anakupatsa iwe monga mwana wamkazi, ndipo iwe unati zikhale momwemo m'nyumba ya amama. Iwo akungodyerapo chifukwa zili pomwe mwini wake anazisiya, koma kuzitulutsa m'nyumbamo ndi mawu a mwini wake. Achimwene ako anati ndiye akufunse. Adada anati bambo sapempha mbale kwa mwana wake. Kuuma mutu kwa m'banja mwanu ndinkadabwa kuti kunachokera kuti.

Ndiye inabwera foni ya Lamulungu ija. Ine ndinali pambali pomwepo, ndipo ndinamva mmene achimwene ako anaiyambira nkhaniyo. Anati Annette wapangitsa kabati yatsopano, ndiye akufuna mbale za amama. Ndinagwira mutu. Munthu amalangiza alimi tsiku ndi tsiku, koma nkhani ya pakhomo pake anaigwira kumchira. Iwe unayankha kuti mbale za amama si zokongoletsera khitchini ya munthu, chaka chisanathe n'komwe chimwalirireni, ndipo unadula.

Mawu amenewo anandipweteka, sindinama. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti pa zimene unamvazo unayankha bwino. Akanakhala mulamu wanga wina akufuna ziwiya za amayi anga kuti adzaze mashelefu ake, ine ndikananena zoposa pamenepo, ndipo foni sindikanadula msanga choncho.

Ndikukumbukiranso zimene unandiuza kuseri kwa nyumba pa maliro paja, tikutsuka makapu. Unati ukufuna kuti ukamabwera kwanu uzikapeza kabati ya amama monga anaisiyira, uzitsegula n'kumva kafungo kawo. Sindinaiwale, ndipo sindikupeputsa.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha nditagwada ngakhale sukundiona. Sindikufuna mbale zadothi za mkombero wagolide zija, kapena makapu a alendo, kapena tinsalu toluka tija amama ankayala m'mashelefu. Zonsezo zikhale pomwe zili mpaka udzabwere. Ndikupempha ziwiri zokha, mbale yoyera ija ndi bakuli lake. Zikhalabe zako, ine ndingokhala wosunga. Sindidzadyerapo, Grace sadzazikhudza. Ndizizitsuka pazokha, kuziyanika kumbali kwa thandala, n'kuzivundikira pa shelefu ya adada monga ankachitira amama. Tsiku limene udzazifune udzazitenga osafunsa munthu.

Ndikudziwa kuti ukadzatsegula kabati ya amama pa Khirisimasi udzapeza mpata pa shelefu yam'mwamba, ndipo mpatawo udzakupweteka. Koma ndi bwino kupeza mbale palibe kusiyana ndi kupeza mbale ilipo, wodyerapo palibe. Pepa ponena mosapsatira choncho. Ndaonapo anthu ambiri akufika nawo kuchipatala mochedwa, ndipo sindikufuna kudzaima pakhomo la wodi kufunsa za adada kachiwiri.

Sindikupempha kuti undiimbire ine. Ngati ukadali wokwiya nane, kwiya, tidzakambirana pa Khirisimasi tikusenda nthochi. Imbira adada kudzera pa foni ya a Eva, uwauze ndi pakamwa pako kuti atenge mbale yawo. Asamve kwa achimwene ako, angaipotozenso. Ukawauza iwe, Loweruka lomwelo tipeza galimoto yokawatenga msewu usanaterere.

Mwina ukudzifunsa ngati adzabweredi, kapena ngati nkhani ya mbaleyi ndi njira yawo yokanira mwaulemu. Inenso ndinaganiza choncho poyamba. Koma pali china chimene sindinakuuze.

Lachisanu lomwe lija, atachoka, ndinagogoda kabati potsata lamulo lija ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe munthu, n'kutsegula kuti nditenge fulasiki. Nditakoka thileyi ndinaona kuti kumbuyo kwa shelefu, pakona penipeni, pali chikho chawo chija. Achimwene ako atabwera n'kuchiona anafuna kukwera njinga yamoto kuti athamangire galimoto, ati adada aiwala. Ndinawauza kuti ayang'ane bwino. Chikhocho chinali chotsukuluza, chovundikira, chogwirira chake chitaloza ku chitseko cha mbali yawo. Munthu woiwala saika chinthu choncho.

Dzulo a Eva anaimba kudzatiuza kuti adada adya bwino ndipo mankhwala akumwa. Anati koma chikuwadabwitsa n'chakuti masiku ano akumwera tiyi m'kapu ya alendo. Atawafunsa kuti chikho chawo chili kuti, adada anangoti chinatsogola.

Chilipo pano, mulamu. Sindinachisunthe. M'mawa uliwonse ndikamatenga poto ndimasuzumira, n'kuchipeza chili chokhachokha pa shelefu yonse ija. Dzulo madzulo mitambo inachita mdima cha kumapiri a kwanu, ndipo mphepo yayamba kununkhira mvula.

Undiperekere moni kwa abambo a Maggie, uwauze kuti khofi wawo ndasunga. Umupsompsone Maggie, ndipo chifuwacho chikapitirira usamangomupatsa mandimu, upite naye akamuone. Ukapeza mpata udutse kwathu ukaone amayi anga, uwauze kuti ndili bwino ndipo sindinaonde, kabati ndi mboni. Achimwene ako akupereka moni, ndipo ati akupepesa chifukwa cha pakamwa pawo. Grace ndamufunsa ngati akupereka moni kwa azakhali, yankho lake ukulidziwa.

Mulungu akusunge iwe ndi banja lako, akupatse mtendere pa zimene usankhe, ndipo atisungire adada mpaka tidzakhale tonse pamodzi, ena mbali iyi ya khoma, ena mbali inayo.

Ndine mulamu wako wokukonda,
Annette